Setilaiti ya injini za magetsi: n'chifukwa chiyani makampani amalola kudikira miyezi?

Nthanda analemba kuti:

Ndakhala ndikuwerenga za masetilaiti otumiza mauthenga, aja amene amakhala molunjika ikweta n'kumaoneka ngati aima malo amodzi, ndipo pali chinthu chimene chandizunguza mutu moti ndaona kuti ndi bwino ndifunse kwa inu amene mumazidziwa zinthuzi. Gawo loyamba ndalimvetsa. Setilaiti ikakhala pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, imazungulira dziko m'maola 23 ndi mphindi 56, yomwenso ndi nthawi imene dziko limatenga kuti lizungulire kamodzi, ndipo n'chifukwa chake dishi yomangiriridwa pakhoma imaloza mbali imodzi kwa zaka zambiri popanda woisuntha.

Chimene chandivuta ndi injini. M'mwezi wa Malichi 2015 roketi ya Falcon 9 inanyamuka ku Cape Canaveral, ku United States, itanyamula masetilaiti awiri opangidwa ndi kampani ya Boeing, ABS-3A ndi Eutelsat 115 West B, ndipo onse awiri analibe injini yowotcha mafuta ngakhale imodzi, koma injini za magetsi zokhazokha zopemerera mpweya wa xenon. Injini imodzi yotere ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse imakankha ndi mamilinyutoni 165 (nyutoni ndi muyeso wa mphamvu yokankha, ndipo mamilinyutoni 1,000 ndi nyutoni imodzi). Nditaisintha nambalayi kuti ndiimvetse, ndinapeza kuti ikufanana ndi kulemera kwa magalamu 17, ndiye ndinatenga mapepala atatu a A4 n'kuwaika pachikhatho kuti ndimve ndekha. Dzanja langa silinamve kanthu kwenikweni, ndipo mpaka pano zikundivuta kukhulupirira kuti kamphamvu kameneko kangasunthe makina olemera matani awiri. Masetilaitiwo anatenga pafupifupi theka la chaka kuti afike pamalo awo, pamene setilaiti ya injini yowotcha mafuta imafika pasanathe milungu iwiri.

Tsono funso langa lili pawiri. Kodi injini yofooka chonchi imakwanitsa bwanji ntchito yaikulu yotereyi? Nanga kampani imene yalowetsa ndalama zochuluka pa setilaiti, mwinanso zongongola, ingavomereze bwanji kukhala miyezi yonseyo osagulitsa kalikonse? Ndikufuna kudziwa ngati pali phindu lenileni kapena ngati ndi kukonda zatsopano chabe.

Mlalang'amba anayankha kuti:

A Nthanda, mwachita bwino kuyesa ndi mapepala pachikhatho, chifukwa amene sanazindikire kuchepa kwa mphamvuyi sangamvetsenso chifukwa chake ili yamtengo wapatali. Tiyambire apa: mumlengalenga mulibe msewu woti matayala agwirepo, mulibenso mpweya woti mapiko akankhe, choncho injini iliyonse imayenda potaya chinthu kumbuyo kuti makinawo apite kutsogolo. Zimene mwataya sizibwereranso, ndipo zonse muyenera kuchoka nazo pansi pano. Ndiye chofunika kwambiri si kukula kwa mphamvu yokankha ayi, koma liwiro limene chinthu chotayidwacho chimatulukira, pakuti chikatuluka mothamanga kwambiri mumataya chochepa kuti mupeze zomwezo. Konstantin Tsiolkovsky analemba masamu ake mu 1903, ndipo sanasinthe mpaka lero.

Injini yowotcha mafuta imatulutsa utsi wake pa liwiro la makilomita atatu pa sekondi, ndipo singapitirire kwambiri pamenepo chifukwa mphamvu yake yonse ili m'mafuta momwemo. Injini ya magetsi siwotcha kanthu. Mphamvu imachokera ku dzuwa kudzera m'mapiko a sola, ndipo xenon ndi katundu woponyedwa chabe. Mu mtundu umene Boeing anagwiritsa ntchito, mpweyawu umalowa m'kachipinda momwe maelekitironi amawomba maatomu ake n'kuwachotsera elekitironi imodzi, moti atomu iliyonse imatsala ndi magetsi a pozitivi. Kukamwa kwa kachipindako kuli timasefa tachitsulo ta timabowo tambirimbiri, tosiyana mphamvu ndi mavoti oposa 1,000, ndipo timakoka maatomuwo n'kuwaponya kunja pa liwiro loposa makilomita 30 pa sekondi. Panja pali kachipangizo kena kolavula maelekitironi kuti abwerere mu mpweya wotulukawo, apo ayi setilaiti yonse ikanadzadza magetsi a negetivi n'kuyamba kukokanso zomwe yangotaya. Mtundu wachiwiri, umene umatchedwa Hall, ulibe timasefa, koma uli ndi kamsewu kozungulira ngati mphete momwe maginito amatsekera maelekitironi. Umenewu umaponya xenon pa makilomita 15 mpaka 20 pa sekondi, ndipo ngakhale liwiroli ndi locheperapo, umakankha kwambiri pa magetsi omwewo. Ukamayaka m'chipinda choyesera umatulutsa kuwala kobiriwira ngati thambo, kopanda lawi ndiponso kopanda utsi.

Tsopano tiwerengere limodzi, ndi nambala zongozungulira kuti zisavute. Roketi siikafikitsa setilaiti pamalo pake. Nthawi zambiri imaisiya mu njira yooneka ngati dzira, imene mbali yake yotsika ili makilomita pafupifupi 250 kuchokera pansi ndipo yokwera ili pafupi ndi makilomita 36,000. Kuti njirayi isanduke yozungulira bwinobwino molunjika ikweta, setilaiti yochokera ku Kourou, malo onyamukira maroketi a ku French Guiana pafupi ndi ikweta, imayenera kusintha liwiro lake ndi mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, pamene yochokera ku Cape Canaveral imafuna pafupifupi 1,800 chifukwa malowo ali kutali ndi ikweta. Ikafika, imafunanso mamita pafupifupi 50 pa sekondi chaka chilichonse kuti isachoke pamalo, ndiye pa zaka 15 ndi 750. Tiyerekeze setilaiti imene thupi lake ndi zipangizo zake zikulemera makilogalamu 2,000. Ndi injini yowotcha mafuta, masamu a Tsiolkovsky akuti iyenera kunyamula mafuta oposa makilogalamu 2,100, kutanthauza kuti theka la zonse zimene roketi yanyamula ndi mafuta okhaokha. Ndi injini ya Hall, ngakhale titawonjezera ulendowo chifukwa kukwera pang'onopang'ono kumawonongetsa liwiro lochulukirapo, xenon wa makilogalamu osakwana 400 akukwanira ntchito yonse. Kusiyana kwake kukuyandikira matani awiri, ndipo matani amenewo ndi amene kampani imalipirira kwa eni roketi. N'chifukwa chake masetilaiti awiri amene mwatchula aja anakwera roketi imodzi n'kugawana mtengo wa ulendo.

Za kamphamvu ka pachikhatho paja, yankho lake ndi nthawi. Injini yowotcha mafuta ya manyutoni 400 imamaliza ntchito yonse m'maola anayi okha akuyaka, ogawidwa maulendo angapo. Injini ziwiri za Hall zikamayaka limodzi zimapereka pafupifupi theka la nyutoni, ndipo pa setilaiti ya makilogalamu 2,300 zimenezi zimawonjezera liwiro la mamita pafupifupi 20 pa sekondi tsiku lililonse. Popeza kumeneko kulibe chogwira makinawo kuti achepetse liwiro, za dzulo sizitayika, zimangounjikana ndi za lero, ndipo pakatha masiku 100 mwafika pa mamita 2,000 pa sekondi. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pano mawuwa akugwirizana ndi masamu ndendende.

Mwina mungafunse chifukwa chake sapanga injini ya magetsi yamphamvu ngati yowotcha mafuta. Injini imodzi ya Hall yokankha ndi mamilinyutoni pafupifupi 290 imadya makilowati anayi ndi theka. Kuti ifike pa manyutoni 400 pangafunike makilowati oposa 6,000, pamene mapiko a sola a setilaiti yaikulu amapereka makilowati 15 kapena 20 basi. Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa mapangidwe amenewa n'chakuti magetsi oyendetsera injini sanawonjezeredwe dala. Setilaiti yotumiza mauthenga imakhala kale ndi mapiko aakulu chifukwa cha zipangizo zake zoulutsira, ndipo pa nthawi ya ulendo zipangizozo zimakhala zozimitsa, choncho magetsi amene akanangokhala ndi amene amakankha makinawo.

Kalondolondo anayankha kuti:

Masamu a a Mlalang'amba ndi oona ndipo sindikuwatsutsa, koma ine ndikufuna kuima pa funso lachiwiri la a Nthanda, chifukwa ndikuona kuti nkhaniyi imakambidwa ngati kuti kudikira kulibe mtengo, pamene mtengo wake ndi waukulu ndithu. Kampani imayamba kulipira setilaiti zaka ziwiri kapena zitatu isananyamuke, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole sichiima podikira kuti makinawo akwere. Mwezi uliwonse wa ulendo ndi mwezi umene zipangizo zodula zili mumlengalenga koma sizikubweretsa kalikonse. Pa miyezi yonseyo pamafunikanso gulu la mainjiniya loyang'anira usana ndi usiku, komanso madishi akuluakulu a m'makontinenti angapo, popeza setilaiti imene sinafike pamalo pake imadutsa pamwamba pa mbali zonse za dziko ndipo dishi imodzi singaione nthawi zonse.

Palinso kuwonongeka kwa makinawo. Dziko lazunguliridwa ndi malamba a tizinthu tamphamvu otchedwa Van Allen, amene anatulukiridwa mu 1958. Setilaiti ya injini yowotcha mafuta imawadutsa maulendo ochepa n'kutulukamo, koma ya magetsi imalowamo ndi kutulukamo tsiku ndi tsiku kwa miyezi, ndipo tizinthu timeneti timafooketsa maselo a sola mosabwezereka. Opanga amadziwa zimenezi, ndiye amakulitsa mapiko, amakhuthalitsa galasi lotchinga maselo ndiponso amatchinjiriza makompyuta a mkati, koma zonsezi zimabweza makilogalamu ena amene tinati tapulumutsa. Komanso ikamayandikira kumapeto imayenda pang'onopang'ono pafupi ndi masetilaiti a anthu ena amene akugwira kale ntchito, moti oyendetsa amayenera kumawerengera njira yake mosamala kuti isagundane ndi ina. Tisaiwalenso lamulo la ITU, bungwe la mayiko loyang'anira mafunde oulutsira ku Geneva, loti amene walembetsa malo ndi mafunde oulutsira ayenera kuyamba kuwagwiritsa ntchito pasanathe zaka 7. Kampani imene yachedwa kale kufakitale ikhoza kutaya malo ake chifukwa cha miyezi inayi ya ulendo.

Chitsanzo chimene chimandikhutiritsa kuti nthawi ili ndi mtengo ndi cha SES-20 ndi SES-21. Amenewa ndi masetilaiti a magetsi okhaokha opangidwanso ndi Boeing, koma ankafunika msanga chifukwa boma la United States linaika tsiku loti makampani akhale atasamuka pa mafunde ena kuti apatse malo mafoni a 5G. Mu Okutobala 2022 roketi ya Atlas V inawanyamula n'kukawasiya pafupi kwambiri ndi malo awo, ndipo ulendo wotsalawo unatha m'milungu yowerengeka. Apa kampani inagula injini zopulumutsa mafuta, kenako n'kulipira roketi yamphamvu kuti ipulumutse nthawi.

Chinanso n'chakuti phindu la kupepuka limadalira mtengo wa roketi. Pamene lingaliroli linkabadwa, kilogalamu iliyonse inali yodula kwambiri, koma kuyambira mu Malichi 2017, pamene setilaiti ya SES-10 inakwera pa Falcon 9 imene gawo lake loyamba linali litaulukapo kale, mitengo yakhala ikupanikizika. Kugawana roketi nakonso kuli ndi vuto lake, chifukwa masetilaiti onse awiri ayenera kumalizidwa nthawi imodzi, ndipo wina akachedwa amachedwetsa mnzake. Ndi chifukwa chake ine ndimaona kuti msika sunatsatire kwenikweni njira ya timasetilaiti tating'ono topepuka. Chimene makampani ambiri anachita n'kusunga kulemera komwe kuja koma m'malo mwa mafuta n'kuikamo zipangizo zoulutsira zochuluka. Eutelsat Konnect VHTS, yopangidwa ndi Thales Alenia Space ndipo inanyamuka mu Seputembala 2022, inkalemera matani oposa 6 ngakhale kuti ndi ya magetsi okhaokha, ndipo inapangidwa kuti izitumiza magigabiti pafupifupi 500 pa sekondi. Pamenepo ndiye ndikuvomereza kuti kudikira kuli ndi nzeru, pakuti miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yotayika imabwezedwa ndi zaka 15 zogulitsa mauthenga ochuluka kuposa amene setilaiti yodzadza mafuta ikanatha kunyamula.

Pomaliza, xenon weniweniyo si wotchipa. Mu mpweya umene timapumawu muli magawo 87 okha a xenon pa magawo biliyoni imodzi, ndipo amapezeka ngati chotsalira m'mafakitale akuluakulu olekanitsa mpweya, ambiri mwa iwo omangidwa pafupi ndi mafakitale a zitsulo. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mtengo wake unakwera kwambiri, ndipo makampani a ku Ulaya amene ankagula injini za Hall ku kampani ya Fakel ya ku Kaliningrad, ku Russia, anayenera kutembenukira kwa opanga ena, monga Safran ya ku France.

Nthanda analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse awiri, tsopano ndikuona kuti nkhani yake ndi yosinthanitsa nthawi ndi kulemera, ndipo aliyense amawerengera malinga ndi mmene zinthu zilili kwa iye. Komabe mwandidzutsira mafunso ena. Ngati injini zimenezi zimadalira dzuwa, chimachitika n'chiyani setilaiti ikalowa mu mthunzi wa dziko? Ndipo a Mlalang'amba mwanena kuti ikafika pamalo pake imafunabe kukankhidwa chaka chilichonse, pamene ine ndinkaganiza kuti ikafika yafika. Chimaisuntha n'chiyani? Ndikufunanso kumva ngati injinizi n'zodalirika, chifukwa injini yoyaka maola anayi ndi ina, ndipo yoyaka miyezi inayi osapuma ndi inanso.

Gogo Mphezi anayankha kuti:

Ine nditengako funso lomalizalo la kudalirika, popeza ndakhala ndikutsatira nkhani zimenezi kuyambira kale ndipo ndikuona kuti achinyamata ambiri amaganiza kuti injinizi zinayamba mu 2015. Harold Kaufman wa ku NASA anapanga injini ya timasefa ija mu 1959, ndipo mu 1964 inayesedwa mumlengalenga pa ulendo wa SERT-1, pomwe inayaka kwa mphindi 31. Anthu a ku Soviet Union anatsata njira ya Hall, ndipo anaikweza koyamba pa setilaiti ya zanyengo ya Meteor kumapeto kwa 1971. Makampani a zamalonda anadikira zaka zambiri asanaikhulupirire. Setilaiti yoyamba ya malonda yokhala ndi injini ya xenon ya timasefa inali PAS-5 ya kampani ya PanAmSat mu 1997, ndipo ngakhale pamenepo ntchito yake inali yongosunga setilaiti pamalo, pamene ulendo wokwera unali udakali m'manja mwa injini yowotcha mafuta.

Kukayikira kwawo kunali ndi maziko. Mu 2003 masetilaiti awiri a m'badwo woyambawo, Galaxy 4R ndi PAS-6B, anataya injini zawo za xenon, n'kutsala akudalira mafuta ochepa amene ananyamula ngati chodzitetezera, ndipo zaka zawo zogwira ntchito zinafupika kwambiri. Zovuta za injini zimenezi n'zosiyana ndi za injini ya moto. Siziphulika, koma zimadyeka pang'onopang'ono, chifukwa maatomu othamanga aja amapala timasefa kapena makoma a kamsewu ka Hall monga mmene mchenga wouluzika umapalira mwala. Kachipangizo kolavula maelekitironi nako kamatha, ndipo bokosi losinthira magetsi a sola kuti afike pa mavoti mazana kapena chikwi ndi limene nthawi zambiri limadetsa nkhawa. N'chifukwa chake injini yatsopano imayatsidwa kwa maola masauzande ambiri m'chipinda chopopedwa mpweya isanaloledwe kuuluka, ndipo setilaiti imanyamula injini zinayi pomwe ziwiri zikanakwanira.

Koma chimene chinasintha maganizo a anthu ambiri, kuphatikizapo ine, ndi nkhani ya Artemis, setilaiti yotumiza mauthenga ya ESA, bungwe la zamlengalenga la mayiko a ku Ulaya. Mu Julayi 2001 roketi ya Ariane 5 inaisiya pansi kwambiri, nsonga ya njira yake ili pa makilomita pafupifupi 17,000 m'malo mwa 36,000. Oyendetsa anawotcha pafupifupi mafuta onse n'kuikweza kufika pa makilomita 31,000, ndipo panatsala makilomita 5,000 opanda chokwerera. Setilaitiyo inali ndi timainjini ta xenon toyesera chabe, tomwe tinaikidwa kuti tiziisunga pamalo osati kuikweza. Mainjiniya analembanso mapulogalamu a kompyuta yake ili kumwamba komweko, anaitembenuza kuti timainjinito tiloze koyenera, ndipo inayamba kukwera makilomita pafupifupi 15 pa tsiku. Inafika pamalo pake kumapeto kwa Januwale 2003, patatha miyezi 18 chinyamukire, ndipo inagwira ntchito zaka zoposa 10 pambuyo pake. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa makina amene ambiri anali atawalira kale anapulumutsidwa ndi kachipangizo kamene kanakwera ngati mlendo.

Zofanana nazo zinachitika mu Januwale 2018, pamene Ariane 5 ina inapatuka pa njira yake n'kusiya SES-14 itapendekeka madigiri pafupifupi 20 kuchoka pa ikweta m'malo mwa atatu. Kwa setilaiti yodalira mafuta, kuwongola kupendekeka koteroko kukanadya zaka zingapo za moyo wake. SES-14, yopangidwa ndi Airbus, inali ya magetsi, ndipo eni ake analengeza kuti ingochedwa ndi milungu inayi. Choncho a Kalondolondo, powerengera mtengo wa kudikira muziikamonso mbali imeneyi, yakuti xenon wochepa amapereka mpata waukulu wokonzera zinthu zikalakwika.

Mlalang'amba anayankhanso kuti:

Agogo afotokoza bwino za kudalirika, ine ndingowonjezera kuti ulendowo ukufupika. Eutelsat 172B, imene Airbus inapanga ndipo inanyamuka mu Juni 2017 ikulemera makilogalamu pafupifupi 3,550, inafika pamalo pake pamwamba pa nyanja ya Pacific m'miyezi inayi yokha, ngakhale kuti inali yolemera kuposa masetilaiti a 2015 aja. Inagwiritsa ntchito injini za Hall zomangidwa kumapeto kwa mikono iwiri yopindika, ndipo mikonoyi ndi yofunika pa funso lanu lachiwiri, a Nthanda.

Za mthunzi, pa nthawi yokwera injini nthawi zambiri zimazimitsidwa setilaiti ikalowa kuseri kwa dziko, chifukwa mabatire anapangidwira ntchito ina ndipo kuwakhuthula tsiku ndi tsiku kungawakalambitse msanga. Maola otayikawa amawerengeredwa kale mu ndondomeko ya ulendo, ndipo tsiku ndi ola lonyamukira zimasankhidwa moganizira mbali imene dzuwa lidzakhale. Ikafika pamalo pake, mthunzi suvutanso kwambiri, pakuti pa mtunda umenewo setilaiti imaona dzuwa pafupifupi chaka chonse. Imalowa mu mthunzi m'nyengo ziwiri zokha, chakumapeto kwa Febuluwale mpaka pakati pa Epulo, ndiponso chakumapeto kwa Ogasiti mpaka pakati pa Okutobala, nyengo iliyonse masiku pafupifupi 44, ndipo mdima wautali kwambiri umatha mphindi 72. Pa mphindi zimenezo mabatire amayendetsa zipangizo zoulutsira, ndipo injini zimadikira kuti dzuwa libwerere.

Chimene chimaisuntha kwambiri ndi mwezi ndi dzuwa. Zonse ziwiri sizili molunjika ikweta, ndiye zimakokera setilaiti kumbali n'kupendeketsa njira yake ndi madigiri pafupifupi 0.85 chaka chilichonse. Ikasiyidwa, munthu wa pansi angaione ikukwera kumpoto ndi kutsika kumwera tsiku lililonse, ndipo pakapita nthawi dishi ya pakhoma ija ingayambe kutaya chithunzi pa maola ena a tsiku. Kulimbana ndi kupendekeka kumeneku ndi kumene kumadya pafupifupi mamita onse 50 pa sekondi amene ndinatchula. Palinso kukokedwa kwa kum'mawa ndi kumadzulo, chifukwa dziko si lozungulira ndendende pa ikweta, moti masetilaiti amatsetserekera ku malo awiri, pafupi ndi madigiri 75 kum'mawa ndi madigiri 105 kumadzulo, koma kukonza zimenezi kumafuna mamita awiri okha pa sekondi pa chaka. Ngakhale kuwala kwa dzuwa kumakankha mapiko a sola pang'ono. Oyendetsa amasunga setilaiti m'kabwalo kosapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri mbali iliyonse, chifukwa oyandikana nawo ali pafupi.

Pa ntchito imeneyi kufooka kwa injini ya magetsi ndi mwayi. Injini yowotcha mafuta imakankha mwadzidzidzi kamodzi pa mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo setilaiti imayendayenda m'kabwalo kake pakati pa nthawizo, pamene ya magetsi imayaka pang'ono pafupifupi tsiku lililonse n'kuisunga pafupi ndi pakati, osagwedeza madishi ake. Vuto n'lakuti mbali za kumpoto ndi kumwera, kumene injini ziyenera kuloza, n'kumenenso kuli mapiko a sola, ndipo xenon wothamanga akawomba mapikowo amawapala. Ndiye injini zimapendeketsedwa kuti mpweya udutse pambali, ndipo mikono yopindika ija imalola kuti injini yomweyo iloze kumbuyo pa nthawi yokwera, kenako itambasukire kumbali pa nthawi yosunga malo, mphamvu yake ikudutsabe pakatikati pa kulemera kwa setilaiti kuti isaizunguze. Pa setilaiti yathu ya makilogalamu 2,000, ntchito ya chaka chonse imadya mafuta oposa makilogalamu 30, koma xenon wosapitirira makilogalamu 10 ngakhale titawerengera kupendekeka kwa injini.

Zotsatira zake n'zakuti chimene chimathetsa moyo wa setilaiti chikusintha. Kale masetilaiti ambiri ankapumitsidwa zipangizo zawo zili bwinobwino, kungoti mafuta atha, ndipo n'chifukwa chake kampani ya Northrop Grumman inapanga chombo cha MEV-1, chimene mu Febuluwale 2020 chinakagwira setilaiti ya Intelsat 901 kumbuyo n'kukhala injini yake kwa zaka zisanu. Chombocho nachonso chinakwera ndi injini za magetsi. Setilaiti ya xenon imatha kukhala ndi mpweya wotsala mpaka pamene mapiko a sola afooka kapena zipangizo zake zatsalira m'mbuyo pa zimene makasitomala akufuna. Nthawiyo ikakwana, mwambo wa mayiko ndi woti ikwezedwe makilomita pafupifupi 300 pamwamba pa njira ya anzake, mathanki akhuthulidwe ndipo mabatire azimitsidwe kuti isadzaphulike n'kumwaza zidutswa. Ulendo womalizawu umafuna kusintha liwiro ndi mamita 11 okha pa sekondi, ndipo pa setilaiti ya makilogalamu 2,000 xenon wake sakwana makilogalamu awiri, choncho oyendetsa amaupatula kuyambira tsiku loyamba ndipo saukhudza ngakhale kasitomala atapempha miyezi ina yowonjezera.